Nyimbo ya rock yoseka masapota sabata iliyonse: ndiyambire pati?

Nsambo6

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Cholinga ndi kutulutsa nyimbo imodzi sabata iliyonse ligi ikamaseweredwa: ya rock, yaifupi, yoseketsa, yonena za ife masapota. A Maule, a Manoma, a Mabanka, ndi aja amene thupi lili kuno koma mtima uli ku Arsenal, Chelsea, Liverpool kapena Manchester United. Mawu onse akhale a Chichewa.

Zida zilipo izi: gitala yamagetsi, bezi, laputopu, Focusrite Scarlett Solo (kabokosi kolumikizira maiki ndi gitala ku laputopu) ndi maiki imodzi ya SM58. Woimba ng'oma palibe, situdiyo palibe, chipinda n'cha malata.

Pakuvuta patatu. Choyamba ndi nthawi: mpira ukatha Lamlungu madzulo, ntchito yolemba, kujambula ndi kumikisa ingapanikizidwe bwanji kuti nyimbo ituluke nkhani isanazizire? Chachiwiri, mawu a Chichewa akaikidwa pa biti ya rock amamveka ngati akupunthwa, ngakhale papepala aoneke bwino. Chachitatu, nyimbo ikaseweredwa pa foni gitala imamiza mawu, munthu osamva pamene amayenera kuseka. Amene mukudziwa ntchitoyi, chonde masulani mwatsatanetsatane.

Kolasi

Achimwene, ndiyamba ndi funso lachiwiri, chifukwa ndi limene limadya nthawi yonse Lamlungu usiku.

Polankhula Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu: chiGOli, saPOta, peNAte, MaUle. Nayo rock ili ndi malo ake olemera. Mukawerenga 1, 2, 3, 4 (imeneyo ndi bar imodzi), bass drum imagunda pa 1 ndi 3, snare pa 2 ndi 4. Kupunthwa mukukumvako kumadza phatikizo lokokalo likagwera pakati pa manambalawa, pomwe ng'oma sikugunda. Khutu la mwini chinenero limamva msanga kuti liwu lapindidwa, ngakhale mwini khutuyo asadziwe kanthu za kaimbidwe.

Njira yachidule nayi. Lembani mizere ya maphatikizo 8, lililonse litenge theka la kugunda kumodzi, mzere uyambire pa 1. Mukatero phatikizo lokoka la liwu lomaliza limagwera pa 4, limodzi ndi snare. Taonani ndime iyi ya sapota wa ganyu:

Lero ndine wa Maule
Mawa ndine wa Manoma
Jezi zanga ndi zinayi
Ndimavala yowinayo

Iwerengeni mukuomba m'manja kanayi pa mzere uliwonse. Pa mzere wachitatu m'manja mukugwera pa je, za, ndi, na, ndipo zonse zikukhazikika. Tsopano yesani kuti "Majezi anga nd'anayi". Maphatikizo akukwanabe 8, koma "je" wa majezi ndi "a" wa anga akugwera pakati, ndipo lilime likukana. Ndiye kuwerenga kokha sikukwanira, muyenera kuomba m'manja.

Mzere ukayamba ndi liwu la maphatikizo atatu, phatikizo loyambalo lilowe 1 asanafike. "Tikiti yanga yaduka": "ti" woyamba aimbidwe kumapeto kwa bar ya m'mbuyo, "ki" agwere pa 1, "ya" wa yanga pa 2, "ya" wa yaduka atenge kugunda kwa 3 konse, kenako "du" akumane ndi snare pa 4. Powerenga kumbukiraninso kuti m wa mpira, mtima ndi mdani ndi phatikizo palokha, choncho mawuwa ali ndi maphatikizo atatu, pomwe mbuzi ndi mphindi ali ndi awiri. Ambiri amasokonekera pamenepa, mzere n'kumatalika osadziwa chatalikitsa.

Mayimbidwe a vesi musawapeke pa gitala. Tengani foni, nenani mzerewo mokweza ngati mukutsutsana ndi mnzanu mu minibasi, mudzijambule, mumvetsere pomwe mawu akukwera ndi pomwe akutsika. Nyimbo itsate zimenezo, manoti awiri kapena atatu basi. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kakwezedwe ka mawu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu, ndiye mukakakamiza mawu kutsata gitala, ena amatuluka achilendo.

Za kufananitsa mathero a mizere: pafupifupi mneni aliyense amathera ndi -a, choncho "tawina" ndi "tagona" khutu siliwamva ngati afanana. Fananitsani maphatikizo awiri omaliza kapena mavawelo ake onse: kona, gona, ona, jezi ndi mwezi, refa ndi sefa. "Lero mlandu si wa refa, kumbuyo kwathu ndi sefa" anthu amagwira nthawi yomweyo. Koma musataye nthabwala pofuna kufananitsa mathero. Ndime ya ganyu ili pamwambayo ilibe mathero ofanana ndipo ikuyendabe.

Nthabwala yeniyeni ikhale pa liwu lomaliza la mzere wachinayi. Mizere itatu ikonze njira, wachinayi utembenuze. Liwulo likangotuluka, zida zonse zikhale zii kwa bar imodzi, munthu aseke, kenako kolasi igwe. Mukapitiriza kuimba pamwamba pa nthabwala, womvera amaiwala kuseka pofuna kumva mzere wotsatira. Gwiritsaninso ntchito mawu athu aja monga phwa, gwa, psiti, balala, zii. Ndi aafupi, amamenya limodzi ndi ng'oma, ndipo Chichewa chili nawo ambirimbiri.

Nyimbo imodzi, munthu mmodzi, khalidwe limodzi. Sabata ino wozimitsa foni timu ikaluza. Sabata yamawa wobetcha matimu khumi n'kudulidwa ndi imodzi, yake yomwe. Kenako wa ku vidiyo sho amene magetsi amuthimira wosewera akuthamangira penate. Wa Arsenal amene mkangano uliwonse amaubwezera ku 2004, chaka chomwe adamaliza ligi osagonja. Wa United amene amatchulabe Alex Ferguson, munthu adapuma mu 2013. Ndipo muziimba ngati ndinu mwini khalidwelo, kunena kuti "ine", osati "iwo". Sapota amalola kusekedwa ndi mnzake wovutika naye, koma mukamuloza chala amatseka makutu, ndipo nyimbo imangoyenda pakati pa adani ake okha.

Kolasi ikhale yoti khamu liyankhe osaphunzitsidwa. Mwachitsanzo woimba afunse "Chaka chino?" khamu liti "N'chathu!" Afunsenso "Chaka chatha?" khamu liti "Musafunse!"

Tsopano nthawi. Chinsinsi n'choti Lamlungu usiku musamayambe nyimbo, muzingoimalizitsa. Pa liwiro la 150 BPM (kugunda 150 pa mphindi) bar imodzi imatenga masekondi 1.6. Ikani ma bar 4 oyambira, vesi 8, kolasi 8, vesi 8, kolasi 8, kagawo kosintha 8, kolasi 8, omalizira 4. Onse pamodzi ndi 56, pafupifupi masekondi 90. Mu vesi mumaimba bar imodzi n'kupuma bar imodzi, ndiye vesi ya ma bar 8 ndi mizere inayi yokha. Nyimbo yonse ikufuna mizere isanu ndi itatu yatsopano, kuonjezapo iwiri kapena inayi ya kagawo kosintha. Ndi ntchito ya ola limodzi munthu akazolowera.

Zida zonse zijambulidwe pofika Lachinayi. Lachisanu lembani makolasi awiri, ina yoti timu ikawina, ina yoti ikaluza. Mpira wa kuno umatha kukadawala. Wa ku England wa Loweruka 3 koloko kwawo umayamba 4 koloko kuno kuyambira Ogasiti mpaka kumapeto kwa Okutobala, kenako 5 koloko mpaka kumapeto kwa Marichi, chifukwa iwo amasintha mawotchi. Mpira waukulu wa Lamlungu nthawi imeneyo umatha cha m'ma 8 koloko usiku n'theka. Lembani mavesi usiku womwewo mkwiyo kapena chimwemwe zikadali m'magazi, mugone, muwerengenso m'mawa, mufufute mzere uliwonse wofuna kufotokozeredwa. Jambulani mawu Lolemba m'mawa, nyimbo ituluke Lolemba lomwelo. Ikafika Lachiwiri usiku anthu ali kale pa Champions League.

Mayi_Situdiyo

A Kolasi amaliza za mawu. Ine ndilowe pa funso lachitatu, achimwene, chifukwa zida muli nazozo n'zokwanira, vuto ndi kaikidwe.

Gitala imamiza mawu pa chifukwa chodziwika. Mbali ya mawu a munthu imene imatithandiza kusiyanitsa t, k, s ndi ch ili pakati pa 2 kHz ndi 4 kHz, ndipo gitala ya distortion (kulira kwaukali kuja kwa rock) imadzaza malo omwewo. Pa sipika yaikulu khutu limatha kuzilekanitsa. Pa foni zonse zimatulukira pa kabowo kamodzi, champhamvu n'kupambana. Kukweza voliyumu ya mawu sikuthetsa, mawuwo amangoyandama pamwamba ngati si a nyimbo yomweyo.

Yambani ndi kuchepetsa gain (batani lowonjezera distortion) pa amp ya m'kompyuta. Pomwe mukuganiza kuti yakwana, bwererani m'mbuyo ndi theka. Kulemera kwa rock kumachokera pa kujambula gitala kawiri, osati pa distortion yambiri. Imbani chinthu chomwecho kawiri pa ma track awiri, ina ipite kumanzere kotheratu, ina kumanja kotheratu, pakati pasiyidwire mawu, bezi, snare ndi bass drum. Musakopere track imodzi n'kuiika mbali ziwiri. Zimangobwerera pakati zitakwera voliyumu, ndipo mukaichedwetsa ina pang'ono kuti itambasuke, pa foni imamveka ngati ili m'chitini. Amp ya m'kompyutayo ikhalenso ndi cabinet (yoyerekezera bokosi la sipika) pambuyo pake, apo ayi imalira ngati njuchi.

Mu vesi gwiritsani palm mute: m'mphepete mwa chikhatho chamanja mugone pa nsambo pafupi ndi bridge, kuti gitala izingoti gu-gu-gu pansi pa mawu. Mu kolasi chotsani dzanja, ilire yonse. Zimenezi zokha zimatsegulira mawu malo kuposa EQ iliyonse (chida chodulira kapena kukweza mbali zina za phokoso), ndipo kolasi imamveka yaikulu popanda kukweza kanthu. Ma power chord atatu akukwanirani. A5: nsambo yaikulu pa fret 5, yotsatira pa fret 7. D5: kaumbidwe komweko mutatsika nsambo imodzi. E5: D5 yomweyo mutaisuntha ma fret awiri. Chunani gitala musanajambule gawo lililonse, osati kamodzi kokha poyamba, chifukwa magitala awiri osiyana pang'ono machunidwe amamveka msanga.

Pa EQ ya magitala, dulani zonse za pansi pa 100 Hz, ndi malo a bezi amenewo. Chotsani 2 kapena 3 dB cha pa 3 kHz. Dulaninso za pamwamba pa 9 kHz, kulibe chabwino kumeneko.

Scarlett Solo ili ndi polowera pawiri. Maiki ilowe pa XLR, ndipo SM58 sifuna 48V, batanilo lisiyeni lozima. Gitala ndi bezi zilowe pa bowo linalo mutadina INST. Mukaiwala batani limeneli gitala imatuluka yofooka, yopanda kuwala. Jambulani pa 48 kHz ndi 24-bit popeza nyimboyi ikathera pa kanema. Gain ikhale yoti pokuwa kwambiri mita ifike cha pa -10 dB. Kuwala kozungulira batani kukafiira, mawu aphwanyika kale ndipo sakonzeka. Pa Windows sankhani ASIO ya Focusrite. Buffer ikhale 128 pojambula, muikweze kufika 512 kapena 1024 pomikisa kuti laputopu isatsamwe. Mahedifoni akhale a waya. A Bluetooth amachedwetsa mawu kwambiri moti mumaimba m'mbuyo mwa biti osadziwa chifukwa.

Mukamva kulira kwa "mmmm" kosatha pa gitala, ndi magetsi athu a 50 Hz akulowa. Zulani chaja cha laputopu mujambule ndi batire. Kawirikawiri kumatha pomwepo. Kukapitirira, zimitsani babu la chubu, talikirani laputopu, ndipo tembenukani pang'onopang'ono muli chigwirire gitala mpaka mupeze mbali imene kulirako kukuchepa. Ma pickup a single coil ndiwo amatola kwambiri phokosoli. Ubwino wina wa batire n'ngoti Scarlett imadya moto wa pa USB, ndiye magetsi akathima ntchito siima. Ikani pulogalamu kuti izisunga yokha mphindi zitatu zilizonse.

Ng'oma: pulogalamu ya MT Power Drum Kit 2 ndi yaulere ndipo ili kale ndi ma groove a rock oti mungowakoka. Imalowa mu mapulogalamu ojambulira nyimbo monga Reaper kapena FL Studio. Cholakwika chofala ndi kusiya manoti onse pa velocity (mphamvu ya kagundidwe) 127, ng'oma n'kumamveka ngati makina osokera. Hi-hat isinthesinthe pakati pa 75 ndi 100, yogwera pa nambala ikhale yamphamvu kuposa ya pakati. Vesi iyende ndi hi-hat yotseka, kolasi ndi crash kapena ride.

Bezi izingotsata noti yoyamba ya chord iliyonse, kasanu ndi katatu pa bar. Dziwani kuti A ya pansi pa bezi ili pa 55 Hz, ndipo sipika ya foni siingatulutse zimenezo. Ikanipo distortion yochepa kuti ibereke phokoso la cha pa 700 Hz mpaka 1 kHz, foni itulutse limenelo, khutu lidzamalizitsa lokha.

Tsopano mawu, amene ndi nyimbo yeniyeniyo. Pakamwa patalikirane ndi maiki zala ziwiri kapena zitatu. Chichewa chili ndi ph, th, kh ndi ps ambiri, ndipo aliyense amaponya mpweya. Pendeketsani maiki pang'ono kuti mpweyawo udutse m'mbali. SM58 imamva za kutsogolo kwake, kutanthauza inuyo ndi khoma la kumbuyo kwanu. Ndiye bulangeti lolemera kapena matiresi aikidwe kumbuyo kwa woimba, osati kumbuyo kwa maiki monga ambiri amachitira. Mvula pa malata palibe pulogalamu imene ingaichotse mawu osawonongeka. Kuyambira Novembala mpaka Epulo jambulani mawu m'mawa kumwamba kusanatseke, chigayo chisanayambe. Gitala ndi bezi zimalowa pa waya, mungazijambule mvula ili mkati.

Jambulani vesi iliyonse katatu, musankhe yabwino mzere ndi mzere. Posankha musayang'ane yokoma mayimbidwe, yang'anani imene nthabwala yamveka. Dulani za pansi pa 100 Hz. Compressor pa 4:1, izitsitsa 4 mpaka 6 dB pa mawu amphamvu. De-esser cha pa 6 mpaka 8 kHz ngati s akubaya. Reverb yochepa kwambiri, chifukwa mchira wake umaphimba liwu lotsatira. Liwu la nthabwala lija likwezeni ndi dzanja 1 kapena 2 dB.

Zonsezi muchite kamodzi, musunge ngati template. Sabata yotsatira mumangotsegula, kufufuta mawu akale, kujambula atsopano.

Pomaliza ikani limiter, denga pa -1 dB, nyimbo yonse ifike cha pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa voliyumu) ngati ikupita pa YouTube, chifukwa yokwera kuposa apo amaitsitsa okha. MP3 ya 128 kbps ya masekondi 90 imalemera pafupifupi 1.4 MB, yosapweteka bandulo ya munthu. Musanatumize, sewerani pa foni yotchipa, voliyumu yapakati, mupatse munthu amene sanaone mawu papepala. Mufunseni abwereze mzere wachinayi. Akalephera, tsitsani magitala ndi 2 dB muyesenso.

Gogo_Bezi

Zonse zanenedwazi n'zoona, koma pali pawiri pomwe sindikugwirizana ndi anzangawa.

A Kolasi, ma bar 4 oyambira pa 150 BPM ndi masekondi oposa 6 munthu asanamve liwu. Pa Facebook ndi TikTok chala chimakhala chadutsa kale. Nyimbo iyambe ndi funso la kolasi lija popanda chida chilichonse: "Chaka chino?" khamu liyankhe, ndiye gitala igwe. Ma bar otsalawo muwaike kumapeto, kumene mutchule dzina la gulu lanu mkati mwa nyimbo momwemo. Ikayamba kuyenda pa WhatsApp dzina la fayilo limasintha, chithunzi chimachoka, chotsala ndi chimene chaimbidwa.

Mayi_Situdiyo, -14 LUFS ndi ya YouTube. Fayilo yotumizirana pa foni palibe amaikweza kapena kuitsitsa, ndiye ikatsatana ndi nyimbo zina mu minibasi imamveka yofooka. Tulutsani ziwiri: ya -14 ndi ina ya cha pa -10 yotumizirana. Musapyole apo, snare imaphwatalala.

Chimene sichinatchulidwe ndi khamu, ndipo nyimbo ya mpira yopanda khamu ndi ndiwo zopanda mchere. Simufuna anthu makumi awiri. Anthu atatu aime mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera pa maiki, ayankhe kolasi, mujambule kanayi. Ulendo uliwonse asinthane malo, ndipo asinthe mawu: ulendo uno mokuwa, winawo mwabesi, winawo wina achedwe pang'ono. Pakhale mayi kapena mtsikana mmodzi, mawu ake amabowola magitala. Ma track anayiwo muwamwaze, awiri kumanzere, awiri kumanja. Atuluka anthu khumi ndi awiri. Musawawongole ndi autotune, kusalongosoka kwakeko ndi kumene kumamveka ngati ku Kamuzu Stadium tsiku la Maule ndi Manoma. Munthu mmodzi akadzijambula yekha kakhumi sizimveka ngati khamu, khutu limazindikira kuti kholingo ndi limodzi. Khamuli mungalijambule kamodzi pa mwezi, mayankho asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kumawagwiritsa ntchito sabata ndi sabata.

Vuvuzela samalani nayo. Imalira pafupi ndi noti ya B flat, cha pa 233 Hz. Mayi_Situdiyo akupatsani kiyi ya A, ndipo A ndi B flat ndi manoti oyandikana kwambiri, akalira pamodzi amakangana ngati agalu. Njira zilipo ziwiri: itsitseni vuvuzelayo ndi semitone imodzi m'kompyuta, kapena sunthani ma chord onse fret imodzi, A5 ya pa fret 5 ipite pa fret 6. Wezulo ya refa nayo imalira cha pomwe pali mawu a munthu, ndiye iikeni pa bar ya zii ija kapena kumapeto, ndipo muitsitse kwambiri.

Biti imodzi sabata zonse imatopetsa pofika mwezi wachiwiri. Premier League ili ndi masewero 38 pa timu, kuyambira Ogasiti mpaka Meyi, ndi ulendo wautali. Konzani mabiti anayi ligi isanayambe: yothamanga ya 170, yapakati ya 150, yolemera ya 120 ya tsiku lochinyidwa zambiri, ndi ina yoyamba mwachisoni ndi gitala yopanda distortion kenako n'kuphulika. Muzisinthasintha. Sunganinso nyimbo ziwiri zosadalira zotsatira za sabata imeneyo, za ganyu kapena za kubetcha, zotulutsa ligi ikaima chifukwa cha masewero a mayiko kapena inu mukadwala.

Za malamulo. Kanema wa mpira wa pa SuperSport ndi mawu a owulutsa ali ndi eni ake. Mukadula kachidutswa n'kuika pansi pa nyimbo yanu, YouTube ndi Facebook amatha kuitseka, ndipo zikabwerezeka tsamba lonse limapita. Dzijambuleni nokha mutavala jezi, foni itaimirira, mawu a nyimbo alembedwe pansi. Mayimbidwe a nyimbo ya munthu wina n'kungosintha mawu nakonso n'kutenga katundu wa mwini, ngakhale cholinga chikhale kuseketsa. Pekani zanu, ndipo zikachuluka kazilembetseni ku COSOMA.

Pali malire amene sindifuna muwaphunzire mochedwa. Kunena kuti refa watibera ndi kulira kwa sapota aliyense. Kutchula dzina la refa kapena wosewera n'kunena kuti walandira ndalama ndi mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Mtundu wa anthu, chigawo chochokera, chipembedzo ndi chilema zisalowe m'nyimbo. Imfa za pa mpira zisakhudzidwe n'komwe: Munich mu 1958, Hillsborough mu 1989, ngakhale anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, amene adafa pa chipata cha Bingu National Stadium pa 6 Julaye 2017. Mabanja awo alipo ndipo mafoni ali nawo. Muzisinthanso osekedwa. Sabata zitatu zotsatana pa timu imodzi, masapota ake amakuyesani mdani, ndipo mwataya gawo lalikulu la omvera.

Nsambo6

Zikomo kwambiri nonse, makamaka za kuomba m'manja ndi za vuvuzela. Katsala kamodzi. Munthu akakuwa pa mpira Lamlungu, Lolemba m'mawa mawu amakhala atasasa, manoti apamwamba a kolasi osafikika. Pamenepo nkutani, poti zida zajambulidwa kale mu A?

Mayi_Situdiyo

Kusasa pang'ono kumakomera vesi, achimwene, kumamveka ngati sapota weniweni, ndiye musakuope. Koma kukakamiza manoti apamwamba pa kholingo lotupa kumawononga mawu a sabata yotsatira. Imwani madzi ofunda, ng'ung'uzani motsitsa mphindi khumi musanayambe, ndipo musanong'one poyesa kusunga mawu, kunong'ona kumatopetsa kholingo. Yambani ndi mavesi, kolasi ibwere pomaliza mawu atatseguka. Ngati polankhula pakupweteka, tulutsani imodzi mwa nyimbo zosungidwa zija.

Biti iliyonse mwa zinayi za a Gogo ikhale ndi makiyi awiri, A ndi G. Ng'oma sizisintha. Mumangojambulanso magitala awiri ndi bezi mutabwerera ma fret awiri: G5 pa fret 3 ndi 5, C5 pansi pake, D5 pa fret 5 ndi 7. Ndi ntchito ya theka la ola Lachinayi. Musatsitse magitala ojambulidwa kale ndi pitch shift, distortion imatuluka yamatope. Khamu nalo lijambulidwe m'makiyi onse awiri tsiku limodzi, pokhapokha ngati mayankho ake ndi ongokuwa opanda noti, amenewo amalowa paliponse. Mu G vuvuzela musaikhudze: B flat wake amakhala bwino pamwamba pa G5, amangoipatsa kachisoni pang'ono, koyenera sabata imene mwachinyidwa.